Dzanja Limene Linaloza Kumanzere

Fausto Grefa anamuvuula m'madzi cha m'ma twelofu masana, mvula itangokata, amuna asanu ndi mmodzi akukoka chingwe chimodzi. Ngakhale pamenepo mtengo umene unamupanikiza m'madzimo sunafune kumusiya. Mlongo wake Dorila anaima pamiyala, kiyi wa galimoto akadali m'manja, pakamwa yasa. Sanalire. Ankangoyang'ana chisoti chofiira chija, chimene anawagulira yekha achimwene akewo pa Khirisimasi, mumtima akubwereza kuti si zoona izi, si zoona.

Abale inu, Fausto kufera pamtsinje wa Yanayacu? Munthu amene kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ankatsogolera alendo pamtsinje womwewu, m'timabwato ta pulasitiki tija ta munthu mmodzi mmodzi! Sabata imeneyo anali ndi alendo asanu ndi awiri ochokera kunja, obwera dala kudzalimbana ndi mathithi athu. Wothandizana naye anali mlamu wake Wilmer Tapuy, mwamuna wa Dorila. Dorilayo naye anapalasapo zaka khumi phewa lisanaguluke, ndiye tsopano ntchito yake inali kuyendetsa galimoto, kukatula mabwato kumtunda ndi kukawadikira kumunsi.

Malo amene zinachitikira timawatcha Mano a Galu. Pamenepo mtsinje umagawikana pawiri, ndipo wochokera kumtunda saona kutsogolo chifukwa madzi amagwera pansi mwadzidzidzi. Nchifukwa chake munthu mmodzi amatsogola, nkukwera thanthwe lalitali la m'mbali, nkumalozera anzake njira. Mvula ya usiku wa dzana lake inagwetsera chimtengo kunjira ya kumanzere, chitapingasa uku ndi uko. Kumanja kunali kotseguka bwinobwino. Fausto anapita kumanzere.

Sajeni Toapanta wa polisi ya pamlatho anafika thukuta lili kamukamu, kabuku m'manja. Anali wakumapiri, wabwera kuno miyezi isanu yokha.

"Ngozi ya m'madzi basi," iye anatero, akutseka kabukuko.

"Si ngozi!" Anafuula anali mmodzi wa alendo, mtsikana wa ku Chile dzina lake Javiera. "Ine ndinali kumbuyo kwake. Pathanthwe panali munthu wa jekete lachikasu. Analoza kumanzere. Ndinaona ndi maso angawa!"

"Ndiye bwanji? Ankamuonetsa mtengowo kuti aupewe."

Opalasa onse anamuyang'ana Sajeniyo ngati watukwana. Pamtsinje pali lamulo limodzi limene ngakhale mlendo wa tsiku limodzi amaliphunzira asanagwire nkhafi: choopsa suloza. Umaloza kumene munthu ayenera kupita. Amene ali m'bwato alibe nthawi yofunsa, amangotsata dzanja. Javiera atamufotokozera zimenezi, Sajeni anatsegulanso kabuku kaja pang'onopang'ono.

"Amavala jekete lachikasu ndani?"

Onse anacheukira mbali imodzi. Wilmer anali atakhala pamwala pomwepo, manja atasupuka ndi chingwe, jekete lake lachikasu likudontha madzi.

Pomwe ankamukweza Wilmer m'galimoto ya polisi, Dorila anacheuka kufuna womugwira dzanja. Mlamu wake Herlinda, mkazi wa Fausto, anali atakhala pa bokosi la zakudya, atavala juzi ya manja aatali m'chithukuta chonsecho, maso ali phee pamadzi.

* * *

M'mawa mwake Dorila anafika kupolisi ndi botolo la tiyi wotentha wa masamba a guayusa. Sajeni anamulola kulowa, koma anamuuziratu kuti galimoto yotengera Wilmer kukhoti la m'tauni ibwera 3 koloko. Akangokwera imeneyo, nkhani ichoka m'manja mwake.

Wilmer anali atakhala pabenchi, maso ofiira psu.

"Bambo a Yesenia, ndiuzeni chilichonse. Musadumphe kanthu."

"Ndinatsogola ine," anatero Wilmer ndi mawu osasa. "Mtengo ndinauona. Ndinakwera pathanthwe, nkulozera alendo kumanja mmodzi mmodzi. Asanu anadutsa bwino. Wachisanu ndi chimodzi, mzungu wamtali uja Torsten, anagubuduka, nkutuluka m'bwato. Madzi ankamutengera kumiyala ya kumunsi. Ndinatsika kuthamanga ndi chingwe."

"Pathanthwe munasiyapo ndani?"

"Palibe. Alamu anali akadali kutali kumtunda, akuthandiza wa ku Chile uja kukhuthula madzi m'bwato. Ndinati ndibwerera asanafike. Ndipo iwo, akapeza pathanthwe palibe munthu, amaima. Amadziwa zimenezo kuposa tonsefe."

"Munatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mzunguyo ndi wolemera, mayi a Yesenia. Anasanza madzi kawiri. Mwina mphindi khumi ndi zisanu."

Sajeni anatsokomola pakhomo. "Muuzeninso mkazi wanu zimene munauza malemu Lachiwiri, pamaso pa alendo."

Wilmer anagwetsa nkhope. Dorila ankazidziwa kale. Fausto anamunena kuti amapalasa ngati gogo wopita kumsika, alendo nkuseka, ndiye Wilmer, magazi atawira, anati tsiku lina mtsinje womwewu udzakutseka pakamwa. Mawu oti amuna amalankhula tsiku ndi tsiku, koma lero anali atalembedwa m'kabuku.

Potuluka Dorila anacheuka. Wilmer anali pazenera la zitsulo. Anakunga chibakera nkudzigogoda pamutu katatu. Dzanja la Dorila linakwera lokha, nalonso nkugogoda katatu.

"Eee, mukuuzana chiyani pamenepo?" anafunsa Sajeni, maso atatong'ola.

"Ndi funso la pamtsinje, bwana," anatero Dorila. "Madzi akamasokosa mawu samveka. Ukagogoda pamutu ndiye kuti ukufunsa mnzako ngati ali bwino. Akakhala bwino amayankha chimodzimodzi."

"Akapanda kuyankha?"

"Umasiya zonse nkupita kukamupulumutsa."

"Amadziwa ndani zimenezi?"

"Opalasa okha. Ena onse amayesa tikukanda nsabwe."

Sajeni sanaseke. Analoza wotchi ya pakhoma.

* * *

Alendo anali pakhonde la nyumba yawo yogona, zikwama zitamangidwa kale. Torsten anali atakhala payekha, akuphethira ngati munthu wotuluka mumdima. Chilankhulo chathu ankachidziwa pang'ono, ndipo mawu aliwonse ankawanyamula ngati dzira.

"Munthu anakoka ine, inde. Wamphamvu. Anamenya ine pamsana, madzi kutuluka."

"Anali Wilmer?"

"Ndikuganiza. Koma mandala anga anapita ndi mtsinje. Popanda mandala, mayi, inu mukhoza kukhala mtengo. Ndinauza apolisi choonadi. Sindingalumbire nkhope. Sindingalumbire nthawi. Pepani kwambiri."

"Nanga anzanu asanu aja?"

"Anali kumunsi, akuthamangitsa bwato langa. Sanaone."

Dorila anafuna kumugwedeza mzunguyo mpaka mano agwe. Munthu wakupulumutsa moyo, iwe ukuti sungalumbire! Koma anamusiya, nkupita kwa Javiera, amene ankasuta ndudu yachitatu kumapeto kwa khonde.

Javiera sanadikire kufunsidwa. Mawu ake ankatuluka mothamangitsana.

"Sindinagone, mayi, ndikangotseka maso ndikuona dzanja lija. Ine ndapalasa zaka khumi ndi zisanu, mitsinje ya kwathu yonse, zizindikiro ndimazidziwa. Limene lija silinali dzanja la munthu wamantha woti akugwedeza uku ndi uku. Ayi! Linakwera chilili m'mwamba, nkuima kaye kuti timuone, kenako nkutsika pang'onopang'ono kumanzere, nkukhala pomwepo osagwedezeka. Ndendende mmene Fausto anationetsera tsiku loyamba. Inenso ndikanamutsata, kungoti nkhafi yanga inakodwa pamwala, madzi nkundikankhira m'mbali. Ndikanafa nanenso, mukumva? Ndikanafa!"

"Chisoti chake chinali cha mtundu wanji?"

Javiera anaima, ndudu ili m'malere. "Chisoti?"

"Wilmer amavala choyera. Sachivula pamtsinje ngakhale podya."

"Analibe chisoti. Anafunda chipewa cha jekete lomwelo. Atatsala pang'ono kuloza anachikankhira kumbuyo, koma ine ndinali kutali, mvula ili m'maso." Anaganiza kaye. "Ndipo jeketelo linali lalitali. Linkafika m'maondo."

Jekete la Wilmer limathera m'chiuno, ndi lothina, lopalasira.

"Bwanji sunawauze apolisi zimenezi?"

"Anandifunsa mtundu, ndinawauza mtundu!"

Dorila anali atatsika kale masitepe. Majekete achikasu aatali ankawadziwa. Analipo anayi, a mvula, ndipo ankakhala kuseri kwa mpando wa galimoto yake yomwe.

* * *

Anapinda mpando. Atatu anali mmene amakhalira masiku onse, ofwinyidwa ngati zisanza, fumbi lili mbuu. Dorila sapinda zovala, amuna aja ndiye musanene. Koma lachinayi linali pansi penipeni, lopindidwa bwinobwino patatu, manja atalowetsedwa mkati. Atalitambasula, mkati munali chinyezi, ndipo m'munsi munamatirira matope ofiira.

Pabanja lonse la a Grefa ndi munthu mmodzi yekha amapinda chovala choncho.

Dorila anakhala pachitseko cha galimoto. Dzulo anapita awiri ku kamlatho ka matabwa kumene alendo amadyera nkhomaliro, iye ndi Herlinda wophika. Anamusiya pamenepo kuti asonkhe moto ndi kutsuka masamba okulungira nsomba, iye nkuyenda pansi kukagula nsombazo kudamu la a Cerda. Pafupifupi ola lathunthu. Atabwerera, moto unali usanayake. Herlinda anati machesi anyowa. Kuchokera pakamlathopo kukafika pathanthwe la Mano a Galu ndi mphindi khumi zokha, kudutsa m'munda wa koko wa a Venancio Andi.

"Ayi," anatero Dorila mokweza, yekhayekha. "Ayi, ayi, Mulungu wanga."

Herlinda amene anamulera Yesenia pomwe iye anali kuchipatala ndi phewa? Herlinda wamanyazi uja, wa kumapiri ku Riobamba, amene powoloka mlatho wa zingwe amatseka maso? Dorila analiza galimoto. Inali itangokwana 11 koloko.

A Venancio anawapeza akuyanika koko pa lona, akumwaza ndi phazi, chipewa chili pamphuno. Ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu koma pakamwa pakadali pa mnyamata.

"Mwana wa malemu Grefa! Wabwera kudzalipira koko wanga amene unandipondera dzulo?" Kenako anakumbukira, nkuvula chipewa. "Pepa mwanawe. Mchimwene wako ndinamuona akuyamba kusambira pa dziwe ilo, ali mbulanda."

"Agogo, dzulo munandiona ine?"

"Si iwe unadutsa apa mvula ikugwa, utafunda chijekete chachikasu? Ndinali m'khumbimo. Ndinakuitana, iwe phee. Ndinati koma ana a masiku ano! Ndiye ndinadabwa kuti mtsikanayu waonda liti, popeza iwe kumbuyoku Mulungu sanakumane."

"Anapita kuti munthuyo?"

"Kuthanthwe. Popita ankayenda mwaulemu, akunyamula phazi ngati akuopa matope. Pobwera, mayo ine, liwiro! Anagwa kawiri. Taona apo." Analoza ndi ndodo pamene matope ofiira anakhululuka. "Ndipo ndinati uyu si wa kuno. Wa kuno ndani angalowe m'munda mvula ikugwa atavala nsapato za kutchalitchi? Ife timavala majombo."

M'matopemo munali phazi laling'ono, la nsapato yosongoka kutsogolo. Dorila anaika jombo lake pambali pake. Lake linapitirira ndi zala zitatu.

"Iwe, wayera ngati chinangwa chosenda," anatero a Venancio. "Khala pansi."

Koma Dorila anali akuthamangira kale kugalimoto.

* * *

Sajeni Toapanta anamvetsera zonse akudya nthochi zokazinga. Jekete analitembenuza kawiri, nkulibweza pa tebulo.

"Mayi Tapuy, ndikumvetsa. Mwamuna wanu ndi mwamuna wanu. Koma kumukankhira namfedwa?"

"Jekete lalitali, bwana! Phazi laling'ono! Moto wosayaka!"

"Jekete lanyowa chifukwa kunali mvula. Nkhalamba ija inati munali inuyo, ndiye samalani. Koma chachikulu ndi ichi." Anapukuta zala pa buluku. "Mtsikana wa ku Chile walumbira kuti dzanja lija linali la katswiri. Inuyo munandiuza m'mawa uno kuti zizindikirozi amazidziwa ndi opalasa okha. Ndafunsa mudzi wonse. Mayi Herlinda sanakwerepo bwato chibadwire. Sadziwa kutsogolo kwa bwato ndi kumbuyo kwake. Anthu akuti mwamuna wake ankamuseka nazo pagulu. Ndikunama?"

Sankanama. Dorila yemwe anasekapo nawo.

"Ndiye dzanja la katswiri analitenga kuti? Pamtunda panali anthu awiri okha odziwa zimenezi, inu ndi mwamuna wanu. Inu a Cerda akuti munali kudamu kwawo. Watsala ndani?"

Wotchi inali pa 1 koloko ndi theka. Dorila anaiyang'ana, nkuyang'ananso chitseko cha chipinda chimene munali Wilmer.

"Tiyeni tikangowafunsa alamu angawo, bwana. Funso limodzi. Mukakana pamenepo ndisiya."

Sajeni anausa moyo. "Ndiyenera kukawauza kuti mtembo aupereka mawa. Mukhoza kundiperekeza. Koma mukayamba kuwazunza, ndikutsekerani limodzi ndi mwamuna wanu."

* * *

Nyumba ya Fausto ili kutsidya, ndipo kukafikako umawoloka mlatho wa zingwe. Pansi pake mtsinje umakokoma koti ngakhale mutayandikana mumalankhula mokuwa. Atafika pakati pamlatho, Dorila anamuona Herlinda. Anali pamiyala ya m'mbali, kumunsi pang'ono, akuchapa zovala za Fausto m'beseni. Kwawo kumapiri amachapa zovala za malemu pamtsinje, inde, koma amadikira tsiku lachisanu. Apa munthu anali asanaikidwe nkomwe.

"Mwaona?" anakuwa Sajeni m'khutu mwake. "Munthu ali pachisoni!"

Herlinda anatukula mutu nkuwaona. Anaimirira mofulumira, phazi nkuterereka pamwala wa ndere. Anagwa chagada, thi! Beseni linagubuduka, malaya a Fausto nkuyamba kuyandama. Kwa kanthawi anangogona pomwepo, madzi akumunyambita miyendo.

Dorila sanaganize kanthu. Zaka khumi za pamtsinje zili m'thupi, sizifunsa mutu. Chibakera chake chinakwera chokha nkugogoda pamutu katatu.

Herlinda anadzuka nkukhala tsonga. Anayang'ana pamlatho. Dzanja lake linakwera, litakunga chibakera, chigongono chili kunja mmene amachitira opalasa enieni, nkugogoda pamutu katatu.

Kenako linauma pomwepo, pamwamba pa tsitsi.

Dorila anamva ngati mlatho wachoka pansi pa mapazi ake. Anagwira chingwe ndi manja onse awiri. Sajeni anamuyang'ana iye, nkuyang'ana mkazi uja pamiyala, pakamwa pali pululu.

"Mayi Tapuy," iye anatero, ndipo ngakhale mtsinje unkasokosa Dorila anamva bwinobwino. "Munati opalasa okha."

Atatsikira pamiyala, Herlinda sanathawe. Anakhala pomwepo, siketi ili nyowe, manja ali pamaondo. Kumapazi kwake kunali nsapato zakuda zosongoka, matope ofiira akadali m'mphepete.

"Alamu," anatero Dorila. "Anakuphunzitsani ndani?"

"Achimwene anu." Herlinda ankalankhula motsitsa monga mwa masiku onse, moti anachita kuwerama kuti amve. "Chaka choyamba chomwe. Anati mkazi wa Fausto Grefa sangakhale mbuli. Koma si pamtsinje ayi. Panyumba. Akafuna madzi, wezulo kamodzi. Akafuna ndichoke pamaso pa alendo, dzanja m'mwamba, nkuloza kukhitchini. Ndikalakwitsa, tinkabwereza usiku mpaka ndikhoze."

Anakwinya dzanja la juzi pang'onopang'ono mpaka pachigongono. Sajeni anatembenuza nkhope. Dorila sanathe kutembenuza yake. Panali zipsera zakale zoyera, ndi zina zatsopano zakuda bii, zooneka zala zinayi.

"Ndipo pakakhala anthu pabwalo, akandiyang'ana ali patali nkugogoda pamutu, ndinkayenera kuyankha kuti ndili bwino. Zaka khumi ndi chimodzi, alamu."

Kalanga ine! Dorila anaziona zonse nthawi imodzi. Herlinda pakhomo la khitchini, dzanja lili pamutu. Herlinda paubatizo wa Yesenia, dzanja lili pamutu. Iye, wopalasa wa zaka khumi, ankayesa mlamu wake akukonza tsitsi. Kapena ankafuna kuyesa choncho. Juzi ya manja aatali m'chilimwe ankaiona, ndipo ankadziwa kuti achimwene ake dzanja lawo ndi lofulumira. Aliyense ankadziwa.

"Munapita kuthanthwe kukatani, mayi?" anafunsa Sajeni, kabuku kali m'manja koma osalemba.

"Kukangoona. Zaka zonsezi ndimachapa zovala za pamtsinje, ndimaphikira anthu a pamtsinje, koma sindinaonepo mmene amadutsira. Ndinati lero alamu achoka, ndikasuzumire. Nditafika panalibe munthu. Ndinauona mtengo. Kenako ndinaona chisoti chofiira chikubwera. Ndinakweza dzanja kuti ndiloze kumanja. Mulungu ndi mboni, ndinakweza kuti ndiloze kumanja. Ndiye juzi inakhuza apa." Anagwira chipsera chakuda chija. "Cha usiku wa Lachiwiri, atakangana ndi bambo a Yesenia. Akakwiya ndi wina, zimathera kwa ine."

"Anayesa ndinu Wilmer," anatero Dorila, akupempha ndi maso kuti zikhale choncho.

"Ayi. Ndinavula chipewa. Anandiona nkhope. Anakwiya, ndinaona mmene anakungira nsagwada, ndipo ndinadziwa zimene zikundidikira kunyumba. Koma anapita kumene ndinaloza. Sanakayike ngakhale pang'ono. Ankadziwa kuti ine sindingayerekeze kumunamiza."

Malaya a Fausto anali atafika kale pakati pamtsinje, akutembenuzika, mpaka anamira.

"Za mtsikana wa ku Chile sindinamuone, ndipo za bambo a Yesenia sindinafune," anapitiriza Herlinda. "Ndimati ndichape zovala zake kaye, ndimalize ntchito yanga, ndiye ndibwere kupolisi ndekha 3 koloko isanakwane."

"Bwanji simunandiuze, alamu?" Misozi imene inakana dzulo inabwera tsopano, yotentha. "Zaka zonsezi! Mukanangondiuza mawu amodzi!"

Herlinda anamuyang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo Dorila akanakonda mukanakhala mkwiyo.

"Ndinakuuzani. Pa Pasaka wa chaka chatha, pabwalo panu pomwe. Iye anagogoda pamutu, ine sindinayankhe. Ndinangoimirira, manja ali pansi, ndikuyang'ana inuyo. Ndinamva iye akuuza alendo kambirimbiri kuti munthu akapanda kuyankha, umasiya zonse nkupita." Anatsitsa dzanja la juzi, nkulikonza bwino. "Munandiona, alamu. Munalowa m'nyumba kukatenga mbale."

* * *

Galimoto ya kutauni inafika 3 koloko itangopitirira. Amene anakwera anali Herlinda. Anapinda juzi yonyowa ija patatu, nkuiika pamiyendo, ndipo sanacheuke. Sajeni Toapanta anatseka chitseko mosamala ngati akuopa kumudzutsa munthu.

Dorila anaima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi galimoto yake, mabwato asanu ndi atatu akadali omangidwa pamwamba. Bwato lachisanu ndi chinayi, la Fausto, linali likadali pansi pa mtengo. Iye anali atapulumutsa mwamuna wake. Mawa aika achimwene ake, ndipo adzayenera kuimirira pamaso pa mayi ake okalamba nkuwauza amene anachita, ndi chifukwa chake.

Wilmer anatuluka pakhomo la polisi, lamba ndi zingwe za nsapato zili m'manja. Lole ya matabwa inkadutsa pakati pawo, ikulira koti sukanamva kanthu. Anamuona mkazi wake kutsidyako, nkumwetulira mofooka, nkukweza chibakera. Anagogoda pamutu katatu.

Dzanja la Dorila linanyamuka, lokha monga mwa masiku onse. Linafika paphewa. Analiyang'ana, nkulibweza pansi.

Wilmer anataya lamba ndi zingwe zija mumsewu nkuyamba kuthamanga.